FAMASE SI GOLOSALE

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Pamsonkhano wathu wa mwezi watha, pamene wapampando anati aimike dzanja onse amene ali ndi wodwala nthenda ya shuga pakhomo pawo, ine ndinayesa kuti adzakwera manja awiri kapena atatu. Koma taonani, anakwera ochuluka kotero kuti mlembi analeka kuwerenga nayamba kungopukusa mutu. Ena amene anachita manyazi pabwalo ananditsata panjira pobwerera, nandinong'oneza kuti nawonso ali nayo. N'chifukwa chake ndatenga cholembera. Ndifuna kunena za nthendayi, koma makamaka za anthu amene alandira ndalama zathu chifukwa cha iyo, ndiwo eni masitolo a mankhwala, amene ana a masiku ano awatcha mafamase. Sindidzawanyengerera. Ndipo ndikathana nawo ndidzatembenukira kwa ife eni, pakuti nafenso tili ndi mlandu.

Ndiyambe ndi malume anga. Iwo anadula nzimbe zaka zambiri, ndipo anali munthu wouma ngati muwanga. Ankadya mitanda isanu ya kondowole, nagona, nalawira mbandakucha ndi chikwanje chawo, ndipo palibe amene anawamvapo akudandaula za thupi. Mphamvu zitayamba kuchepa anatenga timakobiri timene anasunga natsegula kagolosale m'mbali mwa msewu. Kuyambira tsiku limenelo anakhala pampando. Mitanda inali isanu yomweyo, nawonjezerapo tiyi wa masupuni anayi ndi botolo la zotsekemera dzuwa likatentha. Mimba inatuluka, ndipo ife tonse tinakondwera, tinati zinthu zawayendera. Patapita zaka zowerengeka linadza ludzu losatha, kutuluka panja kasanu usiku umodzi, nyerere kuunjikana pamene atayira madzi, ndi maso kuchita chifunga. Kuchipatala anawayeza nawauza kuti ndi shuga, nawapatsa mapiritsi. Mwezi umene mapiritsi anasowa kuchipatala, kapena umene iwo analibe ndalama ya ulendo, ankagula pa sitolo ina ya mankhwala imene sindidzaitchula pano. Anatero zaka zinayi.

Tawerengani nane. M'zaka zinayi muli miyezi 48. Ngakhale titachotsapo theka, malume anaima patsogolo pa tebulo la sitolo ija koposa ka 20. M'maulendo onsewo mnyamata wogulitsa sanawafunsepo ndi kamodzi komwe kuti, "Kodi bambo, mumayenda?" Sananenepo kuti, "Tavulani nsapato ndione mapazi." Ankawerenga mapiritsi, nawaika m'kapepala, nalandira ndalama, nabwerera ku foni yake. Tsiku lina chitsa chinawabaya malume kuphazi ndipo sanamve kanthu, pakuti nthendayo inali itapha kale mitsempha ya kumapazi. Bala linakula mwakachetechete. Lero ayenda ndi ndodo, ndipo zala ziwiri za kuphazi lamanja zinatsala kuchipatala.

Wina adzati, nanga wogulitsa walakwanji, si dokotala iye? Ndiyankha: dokotala ali kuti? Kuchokera pa Dwangwa kufika ku boma la Nkhotakota ndi makilomita oposa 50, ndipo mtengo wa minibasi muudziwa nokha. Wodwala akafika apeza mzere wautali, ndipo akalowa m'chipinda akhalamo mphindi zochepa, pakuti kunja kuli ena ambiri odikira. Sindiwanyoza achipatala, manja awo ndi ochepa. Koma wa famase ali pano pomwe pamsika, atsegula m'mawa natseka usiku, amdziwa wodwala nkhope ndi mudzi womwe, ndipo amuona kawirikawiri koposa munthu wina aliyense wovala choyera. Ngati pali pakamwa pamene pangathe kunena mawu amodzi omwewo mwezi ndi mwezi mpaka alowe m'mutu mwa munthu, ndi pakamwa pa iyeyo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga iye amene angolandira ndalama zako khutu osalikhudza, timutche yani?

Tsono ndifotokoze pang'ono mayendedwe a nthendayi, pakuti ambiri a ife tingoitchula dzina. Nsima, mpunga, chinangwa, mbatata, buledi, zonsezi zikafika m'mimba zisanduka shuga, ndipo shugayo alowa m'magazi. Ichi si choipa ayi. Ndizo nkhuni zimene thupi lisonkhezera moto wake. Koma kuti shuga achoke m'magazi ndi kulowa m'minofu momwe afunika, pafunika madzi ena otchedwa insulin, amene apangidwa ndi kapamba kuseri kwa chifu. Inu a pa Dwangwa mudzamva msanga ndikati insulin ali ngati kapitawo wa pageti la fakitale. Akatsegula, ngolo za nzimbe zilowa ndipo ntchito iyenda. Akapanda kutsegula, ngolo zingodzaza mumsewu, nzimbe n'kumawonongeka, msewu womwe n'kumakumbika. Kwa akuluakulu ambiri odwala nthendayi, getilo lachita dzimbiri ndipo kapitawo watopa. Shuga atsalira m'magazi, nayamba kudya pang'onopang'ono timitsempha ta m'maso, ta mu impso, ta kumapazi, ndi njira za magazi zopita kumtima ndi kumutu.

Apa ndiye pagona nkhani. Mnofu umene uli pantchito utsegula kageti kena kam'mbali, numeza shuga wa m'magazi wosadikira kapitawo uja. Ndipo ntchito ikatha, geti lalikulu lomwe likhala lofewa kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake odziwa anena kuti wodwala shuga asapitirire masiku awiri osagwiritsa ntchito thupi, pakuti dzimbiri libwerera. N'chifukwa chakenso kuyenda mphindi 10 kapena 15 munthu atangotha kudya kuthandiza kopambana, popeza ndiyo nthawi imene ngolo zichuluka pageti. Ife tikatha kudya titambasula mphasa pansi pa mango. Malume anga, pamene anali kudula nzimbe, anali kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku osadziwa, ndipo tsiku limene anakhala pampando ndilo tsiku limene anawaleka.

Musayese kuti izi ndazitola kubwalo la bawo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linena kuti munthu wamkulu agwiritse ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndiko kunena mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu, kuyenda kwa ndawala kumene munthu apuma mofulumira koma athabe kulankhula. M'chaka cha 2002 ku America anaulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma nthenda isanakhazikike. Ena anawapatsa mapiritsi a metformin, omwewa amene tigula pamsika pano; ena anawaphunzitsa kuyenda mphindi 150 zija, kusintha kadyedwe ndi kuchepetsa thupi pang'ono; ena anawapatsa mapiritsi opanda mankhwala. Poyerekeza ndi otsirizawa, a metformin chiopsezo chogwidwa ndi nthenda chinatsika ndi 31 pa 100, koma oyenda ndi kusintha kadyedwe chinatsika ndi 58 pa 100. Miyendo inaposa mapiritsi! Ndinena poyera kuti awa anali anthu amene nthenda inali isanawagwire kwenikweni. Kwa amene yawagwira kale, miyendo ithandizana ndi mapiritsi, siilowa m'malo mwawo. Ku China, mumzinda wa Da Qing, anayamba kuyesa zotere kale mu 1986, napeza njira yomweyo.

Kwathu kuno nako anawerengapo. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa akulu 100 a zaka 25 kufikira 64, pakati pa asanu ndi asanu ndi mmodzi anali ndi shuga wokwera, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi kuthamanga kwa magazi. Wina amene anachitika kumidzi ya ku Karonga ndi mumzinda wa Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016 anapeza ochepera: awiri mwa 100 kumudzi, atatu mwa 100 m'tauni. Aphunzitsi akangane okha za kusiyana kwa manambalawo. Chimene chandigwira mtima ine n'chakuti mwa odwala khumi amene anawapeza ulendo wachiwiriwu, ngati anayi sankadziwa konse kuti adwala, ndiponso kuti ngakhale kumudzi, mayi mmodzi mwa anayi anali ndi thupi lopitirira muyeso. Amene anena kuti shuga ndi nthenda ya mabwana a ku Blantyre agona tulo tofa nato.

Nanga tifuna chiyani kwa eni mafamase? Sitiwapempha kuti atipatse mankhwala ulere. Sitiwapempha kuti achite opaleshoni. Tifuna mphindi ziwiri za pakamwa pawo. Munthu akabwera kudzagula metformin kapena glibenclamide, wogulitsa amufunse ntchito imene agwira. Akapeza kuti ndi wokhala pansi tsiku lonse, amuuze kuti ayende mbandakucha kapena dzuwa litapepa, osati masana a mwezi wa Okutobala pamene mchenga wa kunyanja kuno uwotcha ngati chiwaya, ayambe ndi mphindi khumi, nawonjezere mlungu ndi mlungu, amwe madzi, asiye kabaza pa ulendo waufupi. Mwezi wamawa amufunsenso kuti, "Munayenda masiku angati?" Munthu akadziwa kuti adzafunsidwa, achita manyazi kubwera chimanjamanja. Ndipo pakhale kamakina koyezera shuga ndi koyezera kuthamanga kwa magazi, pamtengo umene mlimi angathe, kuti wodwala adzionere yekha nambala ikutsika, nailembe m'kabuku kake ka kuchipatala. Palibe ulaliki umene ukopa munthu ngati nambala yake yomwe.

Komatu pali china choopsa chimene chichititsa kuti kukhala chete kwa wogulitsa kukhale mlandu weniweni. Mapiritsi a shuga sali ofanana. Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri. Koma glibenclamide, ndiponso jakisoni wa insulin, atha kumutsitsa kwambiri ngati munthu wagwira ntchito yolemetsa kapena wayenda mtunda wautali asanadye. Taganizani mayi amene wamwa piritsi lake m'mawa, nalawira kudimba la mpunga wosalawa kanthu. Pofika dzuwa pamutu ayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda, njala yoopsa, kenaka kulankhula zosamveka ngati woledzera, ndipo akapanda kuthandizidwa akomoka. Anzake adzati zamugwera ziwanda, nathamangira kwa sing'anga, pamene mankhwala ake ndi masupuni atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi akadali wokhoza kumeza, kenaka chakudya. Wokomoka sathiridwa kanthu m'kamwa, athamangitsidwa kuchipatala. Pakamakina, nambala yotsika pansi pa 70, kapena pansi pa 3.9 pa makina owerenga mwa njira inayo, ndiyo chenjezo. Inde, wodwala shuga woyenda ulendo ayenera kunyamula shuga kapena switi m'thumba, ndipo apabanja pake adziwe chifukwa chake. Ndani anatiuzapo zimenezi pogula mapiritsi? Kugulitsa glibenclamide wopanda chenjezo ili kuli ngati kubwereketsa bwato osanena kuti likutha.

Ndipo mapazi. Wogulitsa amene auza wodwala kuti aziyenda, osamuuza za mapazi, wamukankhira m'dzenje. Wodwala shuga asayende wopanda nsapato, ngakhale pabwalo la nyumba yake, ngakhale pamchenga wa kudoko, makamaka m'munda momwe muli zitsa za nzimbe zakuthwa ngati mipeni. Agwedeze nsapato asanavale. Madzulo asambitse mapazi, napukute pakati pa zala, nayang'ane kunsi. Ngati maso achita chifunga, mdzukulu amuyang'anire. Kabala kakang'ono kosapola masiku awiri n'ka kuchipatala, si ka phulusa kapena ka masamba otafuna. Amene ali ndi bala kale, kapena amva kuwawa pachifuwa ndi phuma akayenda, kapena shuga wake wakwera kotero kuti angofooka ndi kusanza, ameneyo asauzidwe za kuyenda. Atumizidwe kuchipatala tsiku lomwelo. Palinso ana ndi achinyamata amene kapamba wawo waleka konse kupanga insulin. Amenewa moyo wawo uli pa jakisoni, monga zakhalira chiyambire 1921 pamene Banting ndi Best anapeza insulin ku Toronto, ndipo aliyense wowauza kuti aleke jakisoni n'kumathamanga, kapena n'kumamwa mabotolo a zitsamba olembedwa kuti achiza matenda makumi awiri, ndi wakupha. Ndaonapo mabotolo otere ataimikidwa pashelefu limodzi ndi mankhwala enieni. Mwini sitolo wotere asatiuze kuti alemekeza ntchito yake.

Adzatiyankha kuti, "Ife ndife amalonda, nthawi tilibe." Ayi, bwana. Wogulitsa sopo ndi mchere ndiye wamalonda chabe. Inu boma linakupatulani. Lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, la PMRA, m'malo mwa bodi yakale ya mu 1988, ndipo palibe aloledwa kutsegula sitolo ya mankhwala wopanda chiphaso chake. Chifukwa chiyani mufunika chiphaso pamene wogulitsa matemba safunika? Chifukwa katundu wanu atha kuchiza ndipo atha kupha, ndipo kulangiza wogula ndi mbali ya zimene munaphunzira. Kuyambira 2006 dziko lino liphunzitsa lokha akatswiri a mankhwala ku Blantyre, pa sukulu imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Malawi College of Health Sciences itulutsa owathandiza. Koma chimene tiona m'malo ambiri n'chakuti chiphaso chili pakhoma, mwini chiphaso ali kutali, ndipo patebulo pali mphwake amene sadziwa kusiyana kwa piritsi ili ndi ilo koma mtundu wa bokosi. Ngati mutenga phindu la famase, gwirani ntchito ya famase. Ngati mufuna kugwira ntchito ya golosale, tsitsani chikwangwani, mugulitse zitumbuwa.

Ndinenenso, kuti ndisakhale wokondera, kuti alipo ena amene achita bwino. Ndidziwa mayi wina wa sitolo yaing'ono amene salola nkhalamba kuchoka isanakhale pabenchi ndi kumva mawu. Makasitomala ake samutha. Chotero ngakhale amene aganiza za thumba lokha aone kuti wodwala wosamalidwa agula kwa iwe zaka makumi awiri, koma wakufa agula bokosi lokha, ndipo bokosilo sagula kwa iwe.

Tsono pamsonkhano paja mbale wina anaimirira nati, "Mutiuza za mafizo ife alimi? Khasu lomweli silikwanira?" Anthu anaseka, ndipo ananena zoona, koma theka lake. Amene alima, amene apalasa bwato usiku wonse, amene asenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri, ameneyo safuna munthu womuphunzitsa majowajowa. Wa famase wanzeru amuuze za chakudya, za mapazi, ndi za kutsika kwa shuga, basi. Koma tayang'anani bwino pa Dwangwa wa lero. Chiyambire pamene fakitale ya shuga inayamba kugaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndi ya ethanol mu 1982, pano pasanduka tauni. Pali madalaivala, alonda, makalaliki, aphunzitsi, osoka zovala, amayi okhala pambali pa beseni la usipa kuyambira m'mawa kufikira mdima, ogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, eni chilimira amene akhala kumtunda kudikira anyamata awo. Pali alimi a nzimbe amene munda wawo ulimidwa ndi thirakitala ndi aganyu, iwo n'kumangodikira tsiku la malipiro. Ndipo njinga yamoto yatilanda miyendo: ulendo umene agogo athu ankapita ndi kubwera asanadye nsima ya masana, ife tiukwerera. Loweruka tidzaza bwalo la Chitowe kuonerera anyamata 22 akuthamanga, ife titakhala, botolo lili m'manja. Ngakhale mlimi weniweni, akakolola, miyezi ingati akhala pabawo ndi pa mowa?

Koma apa ndichenjeze akuluakulu a ku Lilongwe, pakuti ndidziwa mmene aikondera nyimbo iyi. Pa 14 Novembala, tsiku lokumbukira nthenda ya shuga, tidzawamva pawailesi: "Chitani masewera olimbitsa thupi, idyani zakudya za magulu asanu ndi limodzi." Nakwera magalimoto awo nabwerera. Achikulire a m'nthambi muno akumbukira malimidwe a nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu ankalipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula. Kuteteza nthaka sikunali kolakwa, koma popeza kunabwera ngati lamulo lochokera kwa munthu wosagwira khasu, anthu anakudana nako. Langizo la kuyenda likangogwa kuchokera kumwamba lidzathera momwemo. Liyenera kuchokera kwa munthu wodziwa dzina la mudzi wako ndi ntchito yako. Ndiponso langizo lisakhale nsalu yophimbira mashelefu opanda kanthu. Unduna unatsegula nthambi ya matenda osapatsirana mu 2011, chabwino. Ku Neno, kumapiri kumene kulibe ngakhale fakitale, boma ndi Abwenzi Pa Za Umoyo aonetsa kuti odwala shuga ndi BP atha kulandira chithandizo pafupi ndi kwawo. Ngati zatheka ku Neno, chiletsa n'chiyani kuno kumene kutuluka shuga wodyetsa dziko? Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mapiritsi, amene ambiri achokera kunja, anakwera mtengo, ndipo ndidziwa anthu amene anayamba kuthyola piritsi pakati kuti lifike kumapeto kwa mwezi. Munthu wotere kumuuza kuti "ingoyendani" n'kumuseka. Tifuna zonse ziwiri: mankhwala pachipatala chapafupi, ndi langizo pamodzi nawo.

Ena mwa inu afuna kuti ndiloze chala fakitale, ndinene kuti ndiyo yabweretsa nthenda. Za malo ndi za mitengo ya nzimbe tili nazo zonena, ndipo tidzazinena m'kalata ina. Koma pankhani iyi sindidzanama kuti ndikukondweretseni. Nthendayi ili ku Karonga ndi ku Neno kumene kulibe fakitale. Ichokera ku mtundu wa kubanja, ku zaka, ku mafuta a pamimba, ku mbale yodzaza ndi mpando wofewa. Shuga wa m'paketi ndi zakumwa zotsekemera ziwonjezera moto ndithu, ndipo masupuni anayi m'kapu imodzi ndi misala; koma phiri la kondowole kapena la ufa woyera, ndiwo zake kausipa katatu, nalonso lisanduka shuga yemweyo. Mgaiwa, nyemba, masamba ochuluka, nsomba, mitanda yochepa: izi zili m'manja mwathu.

Ndafika kwa ife eni. Ndani aseka bambo wonenepa akamayenda ndawala m'mawa? Ndife. "Taonani abwana, galimoto yafa kodi?" "Asowa ya kabaza." Mayi akamanga chitenje nayenda wopanda mtolo pamutu, timufunsa kumene akupita, ndipo madzulo nkhani yafika kwa mwamuna wake. Munthu akachepetsa thupi monga anamuuza achipatala, tinong'onezana kuti wagwidwa ndi matenda aja, kotero kuti ena aopa kuonda koposa kuopa kudulidwa mwendo. Mlendo wodwala shuga akakana mtanda wachitatu kapena botolo la zotsekemera pa ukwati, timuyesa wonyada. Ine ndemwe ndinali mmodzi wa oyamikira mimba ya malume. Wa famase angalankhule mpaka mawu kusasa, koma ngati wodwala atuluka m'sitolo n'kukumana ndi kuseka kwathu, adzabwerera pampando wake. Chaona mnzako chapita, abale. Manja aja anakwera pamsonkhano sanali a anthu a mudzi wina.

Chotero komiti yagwirizana izi. Loweruka likudzali anthu atatu, mmodzi wa iwo wochokera ku gulu la amayi, adzayendera masitolo onse a mankhwala a m'dera la nthambi yathu ndi kalata ya wapampando. Adzapita mwaulemu. Adzapempha kuona chiphaso ndi kudziwa amene aima patebulo. Adzapempha kuti pakhale benchi, kamakina koyezera, ndi chipepala pakhoma cholembedwa m'Chichewa ndi m'Chitonga chonena za kuyenda, za mapazi ndi za kutsika kwa shuga, ndipo mawu ake tidzayamba tawaonetsa kwa achipatala ndi alangizi a zaumoyo kuti tisalembe zolakwa. Amene adzavomera tidzawalemba m'kalata ya mwezi wamawa, ndipo ndalama zathu zidzapita kumeneko. Amene adzapezeka opanda chiphaso, kapena ogulitsa mabotolo onama aja, nkhani yawo tidzaitumiza ku ofesi ya zaumoyo ku boma ndi ku PMRA. Kalata ina ipita kwa khansala ndi kwa phungu wathu yofunsa za tsiku la odwala shuga ndi BP pachipatala chapafupi, ndipo tifuna yankho lolembedwa.

Ndipo kuti asatinene kuti tidziwa kulamula kokha, kuyambira Lolemba tidzakumana pamtengo wathu wa misonkhano nthawi ya 5 koloko m'mawa, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, odwala ndi osadwala omwe, kuti pasapezeke wolozedwa chala. Tidzadzera njira za m'midzi, osati mumsewu wa M5 momwe mupita malole. Bwerani mutavala nsapato, ndi botolo la madzi. A glibenclamide ndi a jakisoni alaweko kanthu asananyamuke, ndipo asaiwale kashuga m'thumba. Malume anga, bala lawo linapola ndipo achipatala awalola, anena kuti adzatsogola ndi ndodo yawo. Amene adzatsala m'mbuyo mwa munthu wa zala zitatu adzafotokoza yekha pamsonkhano wotsatira.

Ine wanu pantchito ya nthambi,
Wachiwiri kwa Mlembi